Dengu la Malemu

"Alamu, dengu likutsika! Muchape zonsezo, musitenso bwino!"

Judite anayang'ana kumwamba atakukuta mano. Dengulo analimangirira ndi malemu amuna ake, chingwe chake chodutsa pa gudumu la njinga, kuti aziwakwezera phala kuchipinda cham'mwamba miyendo yawo itafa. Koma maliro atangotha, mkulu wawo wa malemuwo, Abílio, anachoka ku Mandimba n'kudzadzikhazika m'chipindamo. Ankati satsika mpaka Judite avomere chokolo, apo ayi achoke m'nyumbayo. Chakudya chizikwera, mbale zakuda zizitsika, munthu wa ndevu zake kudyetsedwa ngati nkhunda ya m'khola!

Tsikulo m'dengumo munali zovala zake zonse, ndi buluku la m'thupi lomwe. Ankafuna adzawale mawa lake pamaso pa akuluakulu odzagamula za nyumba.

Judite anazimanga mtolo n'kuimitsa chapa, minibasi yopita ku Mandimba.

"Achimwene, katunduyu mukapereke kwa akazi awo a Abílio, kuseri kwa msika," anauza dalaivala. Kenaka anakuwira kumwamba: "Alamu! Mabuluku anu akwera chapa, atsogola kwanu!"

Abílio anatsika masitepe chodumpha atadzikulunga nsalu ya pazenera, n'kuliyatsa liwiro kulondola fumbi, amayi ogulitsa nyemba a mu Cuamba akumuimbira nthungululu. Pobwerera ali wefuwefu, anapeza chitseko chapiringidzidwa. Kumwamba gudumu linalira kwiii, dengu n'kutsika mwaulemu, muli nsapato zake.

"Valani, alamu, msewu wa kwanu ngwamiyala," anatero Judite pazenera. "Koma dengulo mulisiye, n'la odwala."