Alendo a M'chigoba cha Nkhono

Mlamu wa mayi wina wofufuza za tizilombo anabwera kwa mayiyo kudzagona masiku awiri, koma mwezi wachinayi unali kutha. Lero mayi uja anatsimikiza mtima kuti amuuza, koma mozungulira.

Anaika botolo la nkhono za kuntchito patebulo, pafupi ndi mapazi a mlamuyo.

"Alamu, nkhono izi zimakhala pomwe mtsinje umathira m'nyanja yamchere. M'thupi mwake mumalowa mabakiteriya oyambitsa matenda. Kunja zikavuta, iwo ali phee m'chigoba cha eni ake. Chomwe nkhono yadya, iwonso adya."

"Sachoka?"

"Kuchoka? Tawaika m'madzi ozizira, tawamana chakudya, koma ali momwemo!"

Mlamu anatsitsa mapazi, n'kunyamula botolo lija, n'kuliyang'anitsitsa mwamanyazi. Mtima wa mayiyo unati myaa. Uthenga wafika.

"Ndiye amakhalamo okhaokha? Sasungulumwa?"

"Asungulumwe chiyani? Amachulukana momwemo, nkhono ili chete."

Mlamu anapumira m'mwamba, nkhope yonse ili mwee.

"Mwandimasula, alamu. Ndimasowa poyambira. Akazi anga ndi ana anayi aja afika mawa."