Tsitsi la m'Chipeso

Chisiyireni Chikatolika, Venansio wa ku Ndirande sankaopanso imfa. Gulu lake latsopano linkaphunzitsa kuti anatilenga ndi anthu a ku nyenyezi, ndipo ukawasiyira tsitsi la womwalira, amamuumbanso. Choncho mkazi wake Helena atamwalira, iye anatola tsitsi m'chipeso cha kuchipinda n'kukalisiya paphiri, pakati pa miyala yomwe gululo linapaka laimu.

"Inu muzilira," ankawauza aneba. "Helena akubwera ameneyo."

Lachisanu madzulo magetsi atazima, anatsikira kuokala kukagula kandulo. Mayi wogulitsa anamuyang'anitsitsa.

"A Venansio, si mwagula pompano inu?"

Iye anangoseka n'kubwerera. Atafika pakhomo, anaona kandulo ikuyaka kale m'nyumba.

"Helena!"

Chitseko chinatseguka. Panaima bambo wa nkhope yake yomweyo, wosalala, wopanda chipsera chimene Venansio anali nacho pachipumi.

"Tikuthandizeni, achimwene?" anafunsa bamboyo ndi mawu a Venansio.

Apa m'pamene anakumbukira kuti chipeso chija ankapesera onse awiri.

Kuchipinda kunamveka mawu a Helena: "A Venansio, tatsekani chitsekocho, mukulowetsa udzudzu."