Ululu wa Nasibeko

Pachipatala cha m'mudzi muno, wopita ku opaleshoni amasankha yekha tulo take. Akagonetsedwa ndi mpweya, amadzuka ndi ululu wake. Akabayidwa mankhwala oyera ngati mkaka, ululuwo umasamukira kwa wachibale amene wadinda chala.

Nasibeko anasankha mpweya, poti amuna ake, a Chikakwiya, anali ndi mtima wofooka, woti sukanapirira.

Atatsitsimuka anagwira bala la pamimba. Linali zii, ngati la munthu wina. Pambali pa bedi a Chikakwiya ankamusendera nachesi pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu.

"Bambo a Tiyanjane, tandionetsani chala chanu."

"Idyani kaye, mayi."

"Nanga thukutalo?"

"Kwatentha lero."

Munali mu Juni, ndipo odwala onse m'chipindamo anali atafunda mabulangete awiriawiri.