Munda wa Kuseri kwa a Daka

Mu Kitwe monse munalibe munthu woona patali ngati Abednego Daka, ndipo wokayika ankamva kwa mwini wake. Anayamba ndi wilibala ku Chimwemwe. Lero ali ndi malole atatu ndi nyumba ya mpanda ku Riverside. Ku Dubai anapondako. Ku Guangzhou anadya mpunga ndi timitengo. Ku Cape Town ndiko anaona mafuta a chamba akugulitsidwa m'sitolo yoyera bwino, ndi lisiti yomwe.

Atabwerako anayamba kulalikira pa Facebook kuti boma lilole aliyense kulima chamba. Chaka choyamba anthu anamutukwana. Chachiwiri otukwana omwewo ankabwera mwakachetechete kudzafunsa ngati mafutawo amathandiza nyamakazi. Chachitatu Daka anati nthawi yakwana. Iye chamba sanasutepo chibadwire, koma mtsogoleri amayenda patsogolo. Anagula mbewu za K4,000 kwa bambo wina wa ku Ndola amene anadziwana naye pa WhatsApp, nazifesa kuseri kwa nyumba.

Zinamera mosangalatsa, masamba otambasuka ngati zala. Lachisanu lina anajambula munda wonse naika vidiyo pa Facebook. "Wofuna kundimanga abwere, geti ndi lotsegula!"

Apolisi sankawaopa kwenikweni. Mantha ake anali kwina. Daka anali mkulu wa mpingo ku Reformed, ndipo mpando wakutsogolowo unkamukomera kuposa malole onse atatu.

"Akakuchotsani pa ukulu, musadzati sindinanene," anatero mkazi wake Harriet.

Loweruka m'mawa minibasi inaima pageti. Munatsika amayi asanu ndi anayi a Chigwirizano cha mpingo wake, patsogolo pali wapampando wawo, amayi Jenala Tembo, amene anasiyitsapo mlaliki wina ntchito chifukwa cha botolo limodzi la mowa. Harriet anathawira kuchipinda. Daka anamanga tayi.

"Ba Daka, vidiyo yanu taiona," anatero amayi Tembo. "Ndi zoona munda uja ndi wanu?"

"Ndi wanga, amayi. Sindibisa."

"Ndiye zaka zonsezi ife tikuvutika kufunafuna mu Kitwe muno, inu muli chete? Tiloleni tithyoleko. Tilipira."

Anatulutsa mapulasitiki m'zikwama.

Chigwirizano! Amayi oimba nyimbo za m'buku, lero akuthyola munda wake uku akuseka! Daka anayatsa foni nthawi yomweyo kuti dziko lionere.

"Abale anga a ku Copperbelt, onani! Munkati Daka wapenga. Lero ngakhale mpingo watembenuka. Zaka zitatu, munthu mmodzi, foni imodzi!"

Oonera anafika 600. Timitima tinkangouluka pagalasi. Daka anasendeza foni kwa wapampando, amene anali atadzaza kale pulasitiki yachiwiri.

"Amayi Tembo, auzeni anthu. Mukapita nazo mukachita nazo chiyani?"

Amayiwo anapukuta manja pachitenje, nayang'ana m'foni mwaulemu.

"Titendera ndi nsinjiro, mawa tili ndi alendo a ku presbitere. Ndiwo imeneyi kwathu ku Petauke imamera yokha m'munda, koma lumanda wonenepa chonchi, Ba Daka, sindinamuonepo."