Mpeni M'kabedi ka Mfumukazi

"Mpeniwu ukutani muno, mayi iwe?" anakuwa msilikali atausolola m'kabedi ka mfumukazi ya Scotland, khanda la miyezi inayi.

Marsali, mlezi wa khandalo, anagwada. "Bwana, kwathu kumapiri mwana sagona popanda chitsulo. Mizimu imamuba n'kusiyapo mwana wawo."

"Ati mizimu!" anaseka a Tormod, bambo aang'ono a mfumukaziyo, omwe akanalowa ufumu mwanayo atafa. Kusekako, inu, kunali kozizira. "Mtulutseni! Amafuna kupha mwana wa malemu achimwene."

Akumukhwekhwereza, Marsali anacheuka. Alezi anzake onse anali atathamangitsidwa. M'chipindamo munatsala a Tormod okha, akutseka chitseko mwakachetechete, mtsamiro uli m'khwapa.