Mkuyu wa Pokhota Msewu wa ku Nkayi

MaNcube anamuchenjeza Mehluli, mwana wa mchimwene wawo: "Mkuyu wa pokhota paja usaudule. Ena anafera pamenepo, abale awo sanabwere ndi nthambi kudzatenga mizimu yawo. Ukaugwetsa akakhala kuti?"

"Azakhali, basi inawomba mtengo umenewu mkazi wanga ali momwemo. Mukufuna uphe angati? Mawa ugwa basi."

Anaugwetsadi, yekhayekha, masiku awiri, manja onse matuza. Ana inu, mtengo wa pamsewu sumangodulidwa.

Tsiku lachitatu kutada anapita ndi ngolo ya abulu kukatenga nkhuni zake. Anapakira, nauyamba wa kunyumba. Msewu ndi wotsetsereka, koma abulu ankakoka ngati akukwera phiri. Anaponya pansi chipika chimodzi, sizinasinthe. Anataya nkhuni zonse, koma matayala anali ophwatalala ndithu ngati ngolo yadzaza.

Anakwera, nakwapula abulu, mano ali gwa. Kucheuka ayi.

Kumbuyo kwake munthu anatsokomola. Wina anasendera kupatsa mnzake malo.

"Pepani bambo," anatero mawu a mayi wina, mwaulemu, "kwanuko n'kutali? Tili ndi ana."