Kapepala ka a Mawaya

Nyimbo inali itatsala pang'ono kutha pamene a Mawaya anamata kapepala pagalasi. Muulutsi anasuzumira pamwamba pa maikolofoni n'kuwerenga chamumtima: 74.

Dzulo inali 73. Dzana 75.

Ntchito inkayenda choncho pa wailesiyo. Chisankho chitayandikira, bwana analamula kuti masana aliwonse azifunsa omvera funso limodzi: kodi Pulezidenti abwererenso pampando? Ovomera ankatumiza 1 pafoni, okana ankatumiza 2. Mauthengawo ankagwera pakompyuta ya m'chipinda cha makina, kuseri kwa galasi, komwe kunkakhala a Mawaya okha. Iwo ankalemba pakapepala kuti mwa anthu 100 aliwonse avomera ndi angati, n'kumuonetsa muulutsi. Iye ankangowerenga. Kompyutayo inafulatira galasi, ndipo anali asanaionepo ndi maso ake.

Koma makutu ake ankamva zina. Mwa anthu khumi oimba foni pa pulogalamuyo, asanu ndi atatu ankalira za kukwera mtengo kwa zinthu ndi mizere ya mafuta. M'minibasi munkatukwanidwa munthu mmodzi yemweyo kuyambira pokwerera mpaka potsikira. Nanga anthu 74 amenewa ankakwera chiyani?

Anakafunsapo bwana. Bwana anaseka mpaka mpando unalira.

"Makina sanama, mayi. Oimba foni ndi anjala. Okhuta alibe nthawi, amangotumiza 1."

Tauni inali itamupatsa kale dzina: Mayi Peresenti. Nyuzipepala ina inamujambula ngati chinkhwe chitatera paphewa la Pulezidenti. Wogulitsa tomato anamuuza pamaso kuti, "Mawa mukalengeze kuti tomato watsika mtengo, asisi, mwina atsikadi." Ngakhale mayi ake omubereka anasiya kuuza anzawo a kutchalitchi kuti mawu a pa wailesi aja ndi a mwana wawo. Muulutsiyo anaphunzira utolankhani zaka zinayi kuti anthu azimukhulupirira akatsegula pakamwa. Tsopano dzina lake linkasungunuka ngati sopo woiwalidwa m'beseni, pamene a Mawaya panalibe wowadziwa nkhope.

Anayamba kuwaonetsetsa. Anali bambo wachikulire, wosakonda zolankhula, wa malaya abuluu otha m'khosi. Nkhani za ndale zikabuka pa nthawi ya tiyi, ankanyamula kapu yawo n'kutuluka. Munthu akagogoda pachitseko chawo, dzanja linkathamangira kutseka china chake pakompyuta asanayankhe. Ndipo madzulo aliwonse mneneri wa boma ankatchula manambala a wailesiyo ngati akuwerenga vesi: "Anthu alankhula okha." Pulezidenti mwiniwake ananenapo pamsonkhano kuti sadya chamasana asanamve pulogalamuyo.

Nkhani inali yoonekeratu. Kunangotsala kugwira wakuba dzanja lili m'thumba.

Tsiku limeneli anachita zimene anali asanachitepo. Anakodola a Mawaya kuti aikenso nyimbo ina, ngati munthu wofuna kukataya madzi. Anavula mahedifoni n'kutuluka. Koma m'malo mokhotera kumanja kuchimbudzi, anakankha chitseko cha chipinda cha makina osagogoda.

Dzanja la a Mawaya linachedwa. Pakompyuta panali 29.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "ichi n'chiyani?"

"Mwalowa popanda odi, mwananga."

"Odi wanga ndikamuperekera kwa bwana. Miyezi iwiri ndakhala ndikunamiza dziko ndi pakamwa pangapa. Akulonjezani chiyani? Udindo ku wailesi ya boma? Galimoto?"

A Mawaya anayang'ana wotchi ya pakhoma. "Nyimbo yatsala ndi mphindi imodzi."

"Ndikawerenga 29. Ndikatchulanso amene wakhala akulemba timapepalati. Mutoleretu kapu yanu."

Ankadziwa kuti bwana, amene ankakonda zotsatsa za boma kuposa ana ake, akhoza kuwathamangitsa onse awiri dzuwa lisanalowe. Anali atavomereza kale mumtima. Kuli bwino kukwera minibasi wopanda ntchito kusiyana n'kukwera nkhope itabisidwa m'nsalu.

A Mawaya sanakane, sanapepesenso. Anatola chikalata chimene chinali patebulo n'kumupatsa. Chinali chitangofika kumene kuchokera ku ofesi ya Pulezidenti, choti chiwerengedwe pa nkhani za masana omwewo. Muulutsi anachiwerenga chiimirire. Pulezidenti wathetsa misonkhano yonse yokopa anthu imene inatsala, m'matauni ndi m'midzi momwe. Poti anthu alankhula kale, iye waona kuti ndi bwino akapume mpaka tsiku loponya voti.

"Mwaonatu," anatero muulutsi, akugwedeza chikalatacho. "Bodza lanu mpaka mwiniwake walikhulupirira."

"Eya," anatero a Mawaya, chala chili pabatani. "Miyezi iwiri ndakhala ndikumusisita kuti agone, mwananga. Ndiye inu mukamudzutse kutatsala masabata atatu?"

Muulutsi anabwerera pampando wake nyale yofiira yosonyeza kuti maikolofoni yatsegulidwa ikuyaka. Anayang'ana pagalasi, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti 74 yachepa.